Foni ya Hellen, Foni Yanga

Sondo, 10 Ogasiti 2025

Mphepo yambiri, fumbi mpaka m'mano. Pochoka ku tchalitchi napeza galimoto pansi pa mtengo wa mango. Abwera onse atatu kuchoka ku Silverest: mwana wanga Hellen, mwamuna wake, apongozi anga a Mervin, ndi kamdzukulu kanga Lushomo. Kakula. Zaka zitatu chabe, koma mafunso ngati wapolisi.

Titadya, Hellen watulutsa kabokosi koyera. iPhone. Ati wagula ina yatsopano, iyi manje ni yanga. "Amai, ya Android yanu yakalamba, mpaka mwaimanga ndi labala." Ni zoona. Inasweka pakona, chivundikiro chakumbuyo chimagwidwa ndi labala. Koma imalira, imatumiza, imalandira. Zaka zinayi tili pamodzi.

Nathokoza bwino. Waikamo kale simu ndi mabando a intaneti. A Mervin amangomwetulira. Iwo ni a Android ngati ine, ati kunyumba kwawo nkhani iyi siitha, aliyense amatama yake.

Nawapatsa masamba a repu ndi tomato. Atapita, nyumba zii. Foni naiika pa kabati, pafupi ndi chithunzi cha malemu atate a Hellen. Yokongola ndithu.

Mande, 11 Ogasiti

Kudimba m'mamawa. Kuthirira tomato mpaka dzuwa pamutu. Madzi mumtsinje atsika, koma akalimo.

Nayesa kujambula tomato ndi yatsopano ija. Tomato wanga yemweyo, koma pa chithunzi ngati wa m'shopu ya mu tauni. Natumizira ba Virginia, amene amagula kwa ine n'kukagulitsa pa msika wa Chongwe. Poyamba afunsa kuti nambala iyi ni ya ndani. Kenaka ati, mwasintha mbewu? Afuna mabokosi anayi pa Chisanu. Naseka nekha pakati pa dimba.

Koma chala chimangofunafuna kabatani kobwerera kumbuyo. Palibe. Malo a simu amodzi chabe, pamene ine nili ndi masimu awiri: ina ya ogula ndiwo, ina ya abale ndi a ku tchalitchi. Nanga memore kadi ilowa pati? Naitembenuza uku ndi uku ngati nikufuna nsabwe. Palibe pobooka.

Chitatu, 13 Ogasiti

Kwaya ya azimai. Tili khumi ndi anayi. Mpikisano wa makwaya ku Chalimbana pa 6 Seputembala, nyimbo ziwiri zatsopano, ife a alito tikali kusokoneza.

Ntchito yanga, chaka chachitatu manje: kujambula tikamaimba, n'kugawira anzanga pa Bluetooth kuti akaphunzire kunyumba. Ambiri sakhala ndi mabando. Timayala chitenje pa khonde la tchalitchi, mafoni onse pamenepo, nyimbo n'kumachoka mu ina kulowa mu ina, ife tikudya nshawa.

Lero najambula ndi iPhone. Mawu omveka mopitirira. Aliyense wamveka payekha. Tapeza kuti amene amatsitsa vesi yachiwiri si ba Lister, anansi anga, ngati timawanenera nthawi zonse. Ni ine. Ba Lister aseka mpaka kupukuta misozi ndi duku. Ati foni iyi isachoke, ni mboni yawo.

Pogawa ndiye pavuta. Foni ya ba Lister siioneka, ya wina aliyense siioneka. Tayesa katatu. Taimbanso, najambula ndi yakale, tagawana, tabalalika. Nafika kunyumba nkhuku zitapalasa kale bedi la anyezi.

Chisanu, 15 Ogasiti

Minibasi yoyamba, mabokosi kumbuyo, ine pakati pa thumba la makala ndi mai wa mapasa. Ba Virginia akondwa ndi tomato.

Kuchoka apo napita kwa ba Zebron, okonza mafoni kuseri kwa msika. Munthu wofatsa, magalasi pa mphuno. Nawaikira zonse ziwiri pa tebulo kuti aniuze zoona. Aziyang'ana kanthawi. "Zonse ni zabwino, amai. Funso ni lakuti anthu amene mukhala nawo ali ndi chani."

Ati iPhone imagawana msanga ndi inzake, koma kwa a Android nyimbo nizituma pa WhatsApp, ndipo apo mabando afunika mbali zonse. Mauthenga akale angasamuke, koma ni ntchito yofuna kukhala pansi. Simu yachiwiri ati iliko ina yosaoneka ndi maso, amaikonza ku ofesi ya netiweki. Apo sininamvetse bwino.

Afunsa ngati iPhone ningaigulitse. Mtengo umene atchula ungagule feteleza wa munda wonse. Ninakopeka, sininame. Koma mphatso ya mwana. Nakana.

Nagula vitumbuwa, nakhala pa benchi la ba Virginia kucheza mpaka minibasi kudzala. Tsiku labwino.

Chiweru, 16 Ogasiti

Hellen watuma foni m'mawa. Moni, moni, kenaka: "Amai, dzulo munachedwa chani ku Chongwe maola asanu? Munadya?"

Sininamuuze kuti nipita ku Chongwe.

Wazungulira, wazungulira, pomaliza wavomera. Foni ikali pa dzina lake, ndipo kulikonse nipita nayo iye amaona kadontho pa mapu. Sabata yathunthu. Kudimba, ku kwaya, kumsika. Mwina ndi kuchimbudzi komwe.

Ati ni chifukwa cha za mu Meyi. Mu Meyi BP inakwera, ninagwa kudimba, ninagona pakati pa mabedi mpaka ba Lister atanipeza masana. Nizidziwa, amene anagwa ni ine. Kuyambira apo mankhwala nimamwa osaphonya. Koma kunimanga belu ngati ng'ombe, osaniuza? Ine amene ninamubereka kumsana kuchoka ku Katete mpaka kuno?

Nadula. Naizimitsa, naibweza mu kabokosi kake.

Mande, 18 Ogasiti

Kupopera tomato. Repu yatsopano yamera bwino, mizere yowongoka. Hellen sanatume foni. Nanenso sininatume.

Chinayi, 21 Ogasiti

Kwaya dzulo inayenda bwino, vesi yachiwiri sininatsitse. Ba Lister afunsa kuti mboni yawo ili kuti. Nati ikupuma.

Lushomo wanitumizira mawu pa foni ya atate ake. Afunsa ngati nkhuku yake yamawanga yaikira. Namvera kasanu. Kumbuyo kukumveka mbale, wina akutsuka, salankhula. Nidziwa katsukidwe ka mwana wanga.

Chiweru, 23 Ogasiti

A Mervin abwera okha, ati adzera tomato. Munthu sangapirire fumbi la msewu wa kuno ku Kanakantapa chifukwa cha tomato, pa Silverest ali ponseponse. Nawapatsa mpando. Akhala chapatali, kapu m'manja, ulemu wawo wa nthawi zonse.

Ati Hellen analakwa kusaniuza, iwo anamuchenjeza kuyambira pachiyambi. Koma ati kuchipatala kumene Hellen agwira unesi, nthawi yopuma ikakwana sayamba ndi chakudya, ayamba ndi mapu. Akaona kadontho kachoka kudimba kafika kunyumba, ndiye amatsegula kambale kake. Sabata ino kambale kakubwerera kunyumba kodzala.

Nayang'ana nkhuku.

Kenaka atsitsa mawu. "Apongozi, musamve ngati mwakakamizidwa. Zimenezi ngakhale foni yanu yakale ingachite. Sankhani imene mtima wanu ufuna."

Nawadzazira beseni la tomato. Mazira asanu a nkhuku ya Lushomo nakulunga mu nyuzipepala, limodzi limodzi. Mwana wanga anakwatiwa bwino.

Sondo, 24 Ogasiti

Natuma ine, titaweruka ku tchalitchi. Walira, wapepesa. Ati tsiku lija la mu Meyi anatuma kakhumi ndi kawiri foni ikungolira, ndipo sanadziwe kuti auze ndani akanifune kuti. Izi sananiuzepo.

Namuuza ziwiri. Kuona uone, koma pa foni imene nasankha ine, ndipo ine nikudziwa. Chachiwiri, ngati iwe uniona, nanenso nikuone. Waseka misozi ikali m'mawu. Ati chabwino.

Masana naphika chibwabwa chotendera, nadya mpaka kunyambita zala. Sabata yonse sininamve kukoma chonchi.

Chitatu, 27 Ogasiti

Pa Mande ninayatsanso iPhone kuti niiweruze popanda mkwiyo. Masiku atatu nikuyenda ndi zonse ziwiri m'chikwama.

Nisaname, naikonda. Lushomo pa vidiyo ngati ali pa mwendo panga, mpaka kadzino kake kobenthuka kakuoneka. Zilembo nazikulitsa, manje niwerenga opanda magalasi. Chala chayamba kuzolowera. Ba Virginia ati musaisiye, anthu a masiku ano amagula ndi maso.

Koma kudimba nimaigwira ngati dzira. Manja amatope, kupukuta, kupukutanso, kuifunira mthunzi. Yakale nimaiponya pa udzu n'kuiwalako. Ikagwa m'madzi ba Zebron ali ndi zonse zake mu dilowa.

Ku kwaya lero najambula ndi yakale. Mai wina wa sopurano, wa kafoni kakang'ono, wanigwira dzanja pogawa. Ati nyimbo izi amamvera akusenda chimanga, mwamuna wake mpaka waziloweza. Nikasintha, uyu nimuuza chani? Agule mabando?

Mutu uku, mtima uko. Koma ni vuto labwino, kusankha pakati pa zinthu ziwiri zimene zonse zigwira ntchito.

Sondo, 31 Ogasiti

Abwera onse. Hellen wanikumbatira pa geti nthawi yaitali, Lushomo walunjika ku khola la nkhuku.

Nanena tisanadye kuti zithe. Nikhala ndi Android yanga. Masimu anga awiri, kwaya yanga, matope anga. iPhone nabweza ndi manja awiri, mu kabokosi kake, ndi chaja yomwe. Nimaopa nkhope yake. Wangogwedeza mutu, ati ananidziwa kale. A Mervin ayang'ana kudenga ngati sakumva, koma masharubu akugwedezeka.

Hellen afuna kunigulira Android yatsopano. Nakana, iyi ikali ndi moyo. Tagwirizana pa batire yatsopano ndi chivundikiro kwa ba Zebron.

A Mervin akonza mapu pa mafoni onse awiri, ine nikuona chilichonse akudinda. Anionetsa ndi pozimitsira nikafuna. Manje madontho ni awiri. Kanga ndi ka Hellen, onse pa khonde limodzi.

Chiweru, 6 Seputembala

Chalimbana. Makwaya asanu ndi anayi. Ife nambala yachitatu! Chaka chatha tinali achisanu ndi chiwiri. Mphoto ni sefuliya yaikulu ndi pepala la mu fulemu. Ba Lister avina ndi sefuliya pamutu mpaka abusa kutembenuka.

Mu minibasi pobwerera najambula zonse, kuimba, kuseka, ndi kondakitala yemwe atalowerera pa besi. Tagawana tisanafike pa mlatho. Batire yatsopano yafika kunyumba ikali ndi mphamvu. Miyendo yatupa, mawu atha. Sinidandaula.

Chinayi, 11 Seputembala

Kutentha kwayamba. Tomato wachiwiri waika maluwa.

Nazolowera kuona kadontho ka Hellen nikamamwa tiyi: kachoka ku Silverest, kalowa mu Lusaka, kaima pa chipatala. Koma kuyambira pa Mande sikasuntha. Masiku anayi panyumba. Tchuthi anatenga kale mu Julayi. Pa WhatsApp ati zonse zili bwino, ndi kamtima kofiira.

Lero nayang'ana mwina kakhumi. Nathirira bedi limodzi kawiri, lina naliiwala. Mbatata ya masana yatsala m'mbale.

Ndiye ni mmene zimamvekera.

Chisanu, 12 Seputembala

Sininapirire. Natuma dzuwa likungotuluka. Nafunsa chifukwa chake sakupita ku ntchito.

"Amai, mwayamba kunilonda?"

Nati inde, yankha.

Waseka mofooka. Ati sadwala ai, ni mseru chabe, adokotala amupumitsa sabata imodzi. Anafuna aniuze maso ndi maso. Lushomo adzakhala ndi womutsatira, cha mu Epulo.

Nakhala pa ndowa yovundikira pakati pa bwalo, foni pa chifuwa. Kuseka, kulira, sinidziwa chinayamba n'chiti. Atate ake akanakhalapo.

Nathyola mandimu, impwa, chibwabwa chanthete. Nkhuku imodzi namanga miyendo. Ba Lister avomera kuthirira mpaka pa Mande, sininawauze chifukwa, koma aniyang'ana n'kumwetulira. Mankhwala a BP m'chikwama, chaja m'chikwama. Minibasi nikuimva kumtunda.

Sininamuuze kuti nikubwera. Aone yekha pa mapu.