Nambala Naini ya Alamu Anga

Loweruka, 16 Novembala

Goliati 2, ife 0. Masewero asanu timu ya esiteti osagoletsa, ngakhale chigoli cha mwangozi. Kochi wake ndine.

Alamu anga a Ben, nambala naini wathu, aphonya katatu, kachitatuko goloboyi atagwa kale. Pa lole pobwerera panalibe woimba. A Dickson, ondithandiza kuphunzitsa osewera kutsogolo, anangondinong'oneza: "Akochi, Raphael uja mukumusungira Khirisimasi?" Ndinanamizira tulo.

Lamulungu, 17 Novembala

Kutchalitchi sindinapite. Ndati mutu. Bodza.

Lolemba, 18 Novembala

Komiti inatiitana ku ofesi. Abwana a esiteti anati vuto lili kutsogolo, ndipo kutsogolo ndi kwa Dickson. Kenaka anandiyang'ana. "A Lackson, nambala naini amasankha ndani?"

Ine ndi pakamwa pangapa: "Za kutsogolo ndimawasiyira anzangawa."

Chikhalirecho a Dickson andipempha kuyambira Seputembala kuti Raphael alowe m'malo mwa a Ben. Wokana ndine. A Ben ntchito ya kufakitale anaipezera mpira; akangochoka m'timu, basi, ulendo wa kwawo ku Khonjeni. Mkazi wanga Tione ndikanamuuza chiyani za mchimwene wakeyu?

A Dickson sanatsutse. Anavula wezulo m'khosi n'kuiika patebulo mwaulemu. Awachotsa. Abwerera kotchola tiyi, ndipo m'nyumba ya timu atulukemo pofika pa 30. Ana anayi.

Lachiwiri, 19 Novembala

Tione waphika nkhuku, akuti mavuto atha. Alamu anadya mpaka kutafuna mafupa, uku akufotokoza kuti a D. samadziwa mpira wamakono. Ine ndinakankhira mbale yanga pambali.

Lachitatu, 20 Novembala

Ndinazungulira njira ya kudamu kuti ndisadutse kumunda wa nambala 7, kumene a Dickson amatchola tiyi. Tsoka sasimba, kapitawo anawasamutsira kudamu komweko. Ndinawaona dengu kumsana, munthu wa zaka makumi asanu, manja atazolowera kale zina. Amayi otchola nawo akuwaseka: "Akochi, masamba awiri ndi kansonga, osati nthambi yonse!"

A Dickson anandiona. "Mwaswera bwanji akochi? Anyamata aja muziwauza aziponda mpira pansi, mvula yayamba, bwalo likuterera."

Akadanditukwana bwenzi zili bwino. Ndinayankha kuti zikomo, ngati chitsiru.

Lachinayi, 21 Novembala

Ku tirening'i kunabwera anthu naini. Raphael sanandipatse moni.

Madzulo ndinakumana ndi a Marita, akazi a D., akuchokera kofunsa nyumba ya lendi ku Makwasa. Anagwada pang'ono monga mwa masiku onse. "Bambo akuti musadandaule, munayesetsa kuwaikira kumbuyo."

Ndiye kuti kunyumba kwawo sananene. Anditchinjiriza ngakhale kwa akazi awo. Manyazi andigwira, ndinakhala pamwala.

Ndamuuza Tione zonse. Wati: "Ndiye mukufuna achimwene akadye chiyani?" Ndati sindikudziwa. Zoonadi sindikudziwa. Sakundilankhula.

Lachisanu, 22 Novembala

M'mawa ndakhoma mndandanda wa mawa pachitseko cha kantini. Naini: Raphael. Alamu anawerenga kawiri, n'kulavula malovu pambali, n'kumapita.

Kuchoka apo, ku ofesi. Ndinadikira pabenchi ola lathunthu, kawiri konse ndinaimirira kuti ndizipita. Nditalowa ndinanena zonse mosapsatira: kuti wosankha ndinali ine, kuti a Ben ndi alamu anga, kuti Lolemba ndinanama a Dickson ali pomwepo.

Abwana anavula magalasi. "A Lackson, komiti inalonjeza anthu kuti wina achoka, ndipo nyumba za timu zilipo ziwiri zokha. Dickson akabwerera, mukuti tichotse ndani?"

Wezulo yanga inali m'thumba. Ndinaitulutsa.

"Ine, bwana."