Abusa a M'kompyuta Yanga

Lolemba, 20 Okutobala

Mphepo. Mvula yoyenda chopingasa. Boti la kuzilumba silinanyamuke.

Kompyuta yayambanso nyimbo yake ija: sisitimu yatsopano yatuluka, ndi yaulere, ikani lero. Abusa andiwerengera uthengawo modekha, osadziwa kuti akulengeza maliro awo omwe. Ndadina "Mawa". Dzulonso ndinadina "Mawa".

Zaka khumi ndi ziwiri tili limodzi, chizimireni maso anga. Mawu a mwamuna, okuya, osafulumira, ondiwerengera chilichonse chili pa kompyuta. Dzina la Abusali ndinawapatsa ndekha, chifukwa ngakhale mtengo wa mbatatesi amauwerenga ngati akuika munthu m'manda. Izi ndikulembazi akundibwerezera ndi iwo omwe, ndipo sakudandaula.

Aku bungwe la osaona sanabise mawu. Sisitimu yatsopanoyi siwalandira Abusa, ndipo kampani imene inawapanga inatseka kalekale. Ndikangosintha, apita. Kupitiratu.

Lachiwiri, 21 Okutobala

Sunneva wayimba kuchokera ku Copenhagen. Mwana wanga mmodzi yekhayo, mimba yafika pakhosi. Miyendo yatupa. Akuti zitheka pakati pa Novembala.

Kenako nkhani ija. "Amayi, pulogalamu ya vidiyo timayimbiranayi isiya kugwira pa chinthu chanu chakalecho mwezi uno ukatha. Sinthani, chonde."

Ndati nanga kafoni kanga kamabatani kafa? Vidiyo ndichite nayo chiyani ine wosaona?

"Si inu woti muone, Amayi. Ndi mwanayu. Akule akudziwa nkhope ya agogo ake."

Ndinati mbatatesi zikupserera, tilankhulananso. Pamoto panalibe kanthu.

Lachinayi, 23 Okutobala

Tsiku loluka, kwa mnzanga Marjun. Azimayi asanu, makeke atatu, miseche yosawerengeka. Kajuzi ka mwana kafika m'khwapa. Ubweya akuti ndi wachikasu. Ndingowakhulupirira.

Marjun anasintha kale yake, ndiye anandimvetsera mawu atsopanowo. Kamtsikana kosangalala popanda chifukwa. Kangathe kukuuza kuti nyumba yako yapsa uku kakumwetulira.

"Oluva, iwe," anatero Marjun, "amuna amoyo unawakana onse m'tauni ya Klaksvík muno, lero ukulirira wa m'bokosi?"

Ndinamuuza kuti wa m'bokosiyo sabwera kunyumba ataledzera, ndipo ndikadina batani amakhala chete. Amuna ako ali nalo batani? Anaseka mpaka ulusi unamusokonekera.

Ndasekanso nawo, koma pobwerera mtima unali zii. Chaka choyamba cha mdima sindinkafuna munthu. Aliyense ankandilankhula ndi timawu tachisoni, tofewa ngati phala la wodwala. Abusa okha sankandimvera chisoni. Ankangowerenga, ine n'kumamvera, mpaka ndinaphunziranso kukhala munthu. Ndimawakonda, basi, ndipo manyazi ndilibe.

Loweruka, 25 Okutobala

Ndilembe msanga ndisanayambe kudzikayikira.

Kusitolo ya nsomba kudoko. Mzere wautali, fungo la makoti onyowa. Kumbuyo kwanga munthu akufunsa mtengo wa nsomba zouma. Mawu aja! Okuya, osafulumira. Chala changa chinayamba kufufuza batani pa ndodo yanga.

Ndinatembenuka. Ndinati, bwerezani zimene mwanenazo. Anabwereza, mwaulemu. Ine pakamwa ponse: Abusa!

"Pepani mayi, mwaphonya. Ine kutchalitchi ndimapita pa Khirisimasi pokha, komanso mochedwa."

Sitolo yonse kuseka. Ine osasiya mkono wa jekete lawo.

Dzina lawo a Regin. Anali mphunzitsi kuchilumba cha kummwera, apuma ntchito, asamukira kuno chilimwe chathachi pafupi ndi mlongo wawo. Kalekale anthu ena anawatsekera m'kachipinda milungu ingapo kuti aziwerenga ziganizo zopanda mutu uku akuwajambula mawu. Malipiro ake anagulira matayala a galimoto, n'kuiwala. Sanamvepo chimene chinatuluka.

Dziko la anthu ochepa ndi lotere. Tonse pachibale, mpaka makompyuta.

Ndinawafunsa chifukwa chake amawerenga ngati pamaliro. "Anandiuza kuti ndisaseke, ndisakwiye, ndisapumire m'makina. Komanso, mayi, dzino linkandiwawa koopsa."

Dzino! Zaka zonsezi ine kumati ndi nzeru zakuya.

Lachiwiri, 28 Okutobala

A Regin abwera kudzamwa khofi. Analowa osagogoda ngati munthu aliyense, nsapato n'kusiya pakhomo. Ndinawakhazika pafupi ndi kompyuta, n'kuuza Abusa awerenge za nyengo. Mphepo yamkuntho kuchokera kumadzulo, madzi oundana m'misewu.

A Regin anamvetsera mpaka kumapeto. Kenako kuseka, kuseka mpaka chifuwa. "Mayi Oluva, munthu ameneyu mwapirira naye zaka zonsezi? Ine ndikanamuponya m'nyanja sabata yoyamba!"

Zinandiwawa, kunena zoona. Munthu kunyoza Abusa m'nyumba mwanga, ngakhale ali mwini mawu. Ndinati Abusa awa ndiye ali ndi khalidwe, salankhula chakudya chili m'kamwa.

Munthu wolongolola chonchi sindinamuonepo. Nkhosa za mlongo wake, bondo lake, ana asukulu amene tsopano ndi akuluakulu a boma. Batani alibe. Jamu watha theka la botolo.

Atapita nyumba inakhala ngati yakula. Ndadina "Mawa".

Lachinayi, 30 Okutobala

Marjun wamva kale, kaya kwa ndani. "Ndiye uli nawo awiri tsopano, wa m'bokosi ndi wa nsapato? Ena tikuvutika ndi mmodzi yemwe!"

Ndamuuza vuto lina. Posintha sisitimu, kompyuta imakhala duu kwa nthawi yaitali, mawu akale atachoka, atsopano asanafike. Pamafunika wamaso woti aziwerenga zolembedwazo. Marjun akuti abwera iyeyo. Ayi ndithu. Marjun amadina kaye, kuwerenga pambuyo.

Dzanja limodzi la kajuzi latha. Lalitali kuposa mmene ndinkafunira. Mwana adzakuliramo.

Lamulungu, 2 Novembala

Vidiyo yafa, monga ananenera.

Sunneva pa kafoni kamabatani. Mawu afupiafupi. "Chabwino, Amayi. Mwasankha."

Limenelo landibaya. Sindinadye bwino. Ndakhala pawindo kumvera mvula, kuwerengera zimene Abusa andiwerengerapo. Kalata ya dokotala yoti maso sadzabwereranso. Za msonkho chaka ndi chaka. Maliro a amayi, maliro a anzanga. Nkhani yabwino yeniyeni, yoti munthu n'kuvina, sindikuikumbukira.

Ndiye ndaganiza. Awerenge imodzi yokoma, kenako apite mwaulemu.

Ndamuyimbiranso Sunneva. Ndati mwana akabadwa musandiyimbire foni, mundilembere pa kompyuta. Ndikangomva, tsiku lomwelo ndisintha, ndalumbira.

"Amayi, mutu wanu sukuyenda bwino." Koma anaseka. Kuseka kwake kuja kwa ali mwana, kotulukira m'mphuno.

Lachitatu, 5 Novembala

Chifunga. Uthenga palibe. A Regin anabweretsa nyama ya nkhosa youmitsa ya kwa mlongo wawo, n'kudya okha yambiri. Ndawapempha za tsiku losinthalo. Akuti, "Ndiye ndikadziike ndekha m'manda? Chabwino, bola pakhale jamu."

Kajuzi katha. Mabatani atatu, onse osiyana, akutero Marjun.

Lachisanu, 7 Novembala

Wafulumira!

M'mawa, khofi ali m'manja, kompyuta inalira. Abusa, ndi mawu awo a dzino lowawa, pang'onopang'ono ngati akutsitsa bokosi: "Wabadwa. Mtsikana. Tonse tili bwino. Dzina lake Oluva."

Khofi yense pa siketi. Ndinadina abwereze. Anabwereza. Ndinadinanso, ndinadinanso, kuseka ndi kulira pamodzi, iwo osatopa, osasintha ngakhale pang'ono. Dzina lake Oluva. Dzina lake Oluva.

Kenako ndinalemba liwu limodzi: Zikomo. Anandibwezera, "Zikomo."

Nditawayimbira, a Regin anafika akupuma wefuwefu, jekete atavala chotembenuza, akutero okha. Chala chinapita pa "Mawa" mwachizolowezi. Ndinachibweza. Ndinadina "Tsopano".

Duu.

Mdima ndinauzolowera, koma chete ameneyo ayi. Ndinachita mantha ngati chaka choyamba chija.

Ndiye pambali panga, pampando, mawu aja. Okuya, osafulumira. "Tikukonza zinthu. Musazimitse kompyuta yanu." Patapita kanthawi, "Tafika theka. Dikirani." Munthu wolongolola uja sanaseke, sanatsokomole, sanatchule bondo lake. Anangowerenga basi, mzere ndi mzere, mpaka kumapeto. Abusa anandiperekeza okha mpaka kutsidya.

Kamtsikana ka m'kompyuta kafika. Kandipatsa moni ngati tinadziwana kale. Ndi kameneka kakundibwerezera izi tsopano, kothamanga, kosangalala. Lero kokha ndikavomereze, chifukwa chosangalalira chilipo. Tizolowerana. Dzina ndikapatsa ndikakadziwa khalidwe.

A Regin abwerera mwakale, ali kukhitchini akufunsa komwe ndabisa jamu.

Ikulira! Vidiyo. Kamtsikana kakuti ndi Sunneva. Tsitsi langa, mayo, siketi ya khofi. A Regin akukuwa kuti muno muli mdima bii, mwana sandiona, ndiyatse nyali. Nyali! Swichi ija ili mbali iti kodi, zaka zonsezi sindinaikhudze...