Beringi Imene Ndinaimitsira Mqondisi

Bulawayo
14 Okutobala

Okondedwa Baba,

Ndikhulupirira muli bwino ku Plumtree kumeneko, ndipo bondo lija lasiya kukusautsani. Amayi ali bwanji? Kuno tilipo, kungoti dzuwa latiphika.

Azakhali abwera dzulo ndi uthenga wanu, woti ndikapepese kwa mlongo wanga Mqondisi chifukwa ndinamutulutsitsa mu mpikisano wa magalimoto Loweruka lija. Zoona, ndine ndinamunenera kwa oyang'anira. Sindikana, ndipo sindipepesa. Ndalemba kalata m'malo moimba foni chifukwa ikubwera ndi kaphukusi.

Ndinu munandiphunzitsa umakaniko pansi pa mabasi anu aja, n'kumandiuza kuti beringi ya gudumu sifa mwakachetechete. Koma ya basi ndi ina, Baba. Pabwalo la mpikisano mabuleki amatentha ngati mbaula, girizi amasungunuka, ndipo pokhota paliponse galimoto yonse imatsamira gudumu limodzi. Beringi yoti mumsewu ikanakhala zaka, kuno ine ndimaichotsa ikatha mipikisano inayi. Yakutsogolo kumanzere inali ikulowa wachisanu ndi chimodzi, chifukwa yatsopano imene tinaitanitsa ku Joni inachedwa.

Lachinayi ndinamuuza Mqondisi kuti tisapikisane. Anandiseka, akuti ndili ndi mtima wa nkhuku, chikho sichidikira munthu. Anakweza galimoto pa jeke, n'kugwedeza gudumu pamaso panga, silinatekeseke. Ndinamuuza kuti gudumu lozizira silinena zoona. Oyang'anira nawonso analiyeza lozizira, n'kumuloleza.

Atazungulira kasanu ndi kawiri anali patsogolo pa onse. Ine ndili kumpanda ndinaona nyali za mabuleki zikuphethira pakati pa njira yowongoka, pamene palibe woyendetsa amaponda buleki. Atabweranso, chimodzimodzi. Inu mukudziwa tanthauzo lake. Gudumu linali litayamba kugwedera, buleki ikuthawa, ndiye iye ankaipopa ndi phazi kuti igwire asanafike pokhota. Ankadziwa, Baba, n'kumangopitirira.

Ndinamukwezera bolodi lomuuza kuti alowe kumalo okonzera galimoto. Anangonditsanzika ndi dzanja.

Kumapeto kwa njira imeneyo kuli kona yakuthwa, ndipo kuseri kwa mpanda anthu anali akuotcha nyama. Mkazi wake Sithabile anali pomwepo, mdzukulu wanu ali kumsana. Ndinathamangira kwa wamkulu wa mpikisano, ndipo anamukwezera mbendera yomutulutsa kutatsala kuzungulira katatu kokha.

Potsika anamenyetsa chisoti pansi. Akuti ndine mfiti yodya abale. Akuti ndi nsanje, poti iye amakhala pa chiwongolero anthu n'kumamuombera m'manja, ine ndili chagada pansi pa galimoto ndi girizi kumaso. Ndinamuuza kuti ngati ali mwamuna akagwire gudumulo ndi dzanja. Sanapite. Ndinapita ndine, ndinalavulirapo, malovu anangoti tswee ndi kutentha, anthu onse akuona.

Zinandipweteka, sindinama. Chikho chimenecho tachivutikira tonse awiri zaka zisanu, ndipo ndinakalira ndekha kuseri kwa galaja. Sabata yatha tsopano sakundiyankhula. Sithabile naye akandiona amayang'ana kumbali, sakudziwa kuti anaima pati tsiku lija.

Azakhali akuti mkazi sachititsa manyazi mlongo wake pagulu. Ndawayankha kuti munthu wochititsidwa manyazi amadzuka m'mawa n'kumwa tiyi, wakufa ayi. Akuti ndili ndi pakamwa. Ndawauza kuti pakamwapa ndinatengera kwa mlongo wawo.

M'kaphukusiko muli beringiyo, ndaikulunga m'nsanza. Yapsa mpaka kusintha mtundu, ndipo timipira tachitsulo tiwiri tam'kati taphwanyika. Itembenuzeni ndi zala zanu, muiike kukhutu monga munkachitira muli pa ntchito. Mukaona kuti ikanapirira kuzungulira katatu kena, ndiuzeni, ndidzabwera ku Plumtree kudzagwada pamaso pa banja lonse.

Apo ayi, muimbireni mwana wanuyo. Mumuuze kuti beringi yatsopano ija yafika, ndaimanga kale, ndipo galaja ndimatsegula seveni koloko. Abwere ndi miyendo yake iwiri imene ndinamusungira.

Mundiperekere moni kwa Amayi ndi kwa amalume a Jabez. Mulungu akusungeni, ndipo mankhwala a bondo musamadumphitse.

Ndine mwana wanu wouma mutu uja,
Sikhangezile