Zikombole za Abambo Zinatsala ku Nayuchi

Okondedwa achemwali a Salima,

Asalamu alaikumu. Kaya muli bwanji kumeneko ku Utale? Bondo lija linakusautsani nthawi yokolola linasiya kutupa? Ine kuno ku Joni thupi lili bwino, Mulungu akundisunga. Kalatayi ndapatsira a Jimu oyendetsa katundu aja, chifukwa nkhani yake sindingathe kuifotokoza bwino pa foni.

Za ku Nayuchi mwina munazimva ine ndisanamve. Amalume a Akimu, monga ankhoswe, anandiimbira kuti akazi anga a Ayisha atopa kudikira, ndipo akwawo avomera kuti ukwati uthe. Akuti pali bambo wina wogulitsa matemba a ku Chiuta amene akufuna kuwakwatira. Ndinapempha kulankhula ndi a Ayisha ndekha. Sanatukwane, sanakweze mawu. Anangoti munthu sakwatiwa ndi foni, ndipo mwana akadwala usiku amathamanga naye okha. Ndinachoka ndikulonjeza kuti ndibwerera mvula isanagwe, koma zagwa mvula zingapo, mapepala anga osakonzekabe. Mawu a talaka, othetsa ukwati, ndinapereka. Madzi akatayika saoleka.

Ntchito ndikadali pomwe paja posoka zikwama ndi malamba achikopa. Kuno makona amadula ndi makina. Amagoneka chitsulo chakuthwa chopindidwa kale pa chikopa, n'kupondereza, basi kona yatuluka yozungulira. Koma zikwama zimene munthu waitanitsa mwapadera amandipatsa ine kuti ndidule pamanja. M'mawa mwake nditalandira uthengawo ndinagoneka chikombole cholondolera mpeni bwinobwino, koma pokhota mpeni unandipulumuka n'kulowa mkati mwa chikopa chabwino kwambiri. Abwana anayang'ana konayo, kenako ine, n'kundiuza kuti ndikapume. Bola akanandikalipira. Ndinakakhala kuseri kwa shopu n'kulira, munthu wamkulu ndi ndevu zanga.

Achemwali, mukulikumbukira bokosi la malemu abambo? Muli zikombole zawo zimene anadula okha pa lata lochindikala, chaching'ono cha makona a chikwama cha m'thumba, china chachikulu cha chidendene cha nkhwayira. Mulinso paipi ija anaing'amba pakati n'kuinola, imene ukaimenya kamodzi ndi nyundo nsonga ya lamba imatuluka yozungulira. Ndikaimitsa mpeni pakati pa kona ankandimenya padzanja, n'kumati pokhota munthu sapuma, ukapuma chikopa chimakuulula. Inu munkaseka muli pakhomo mukupeta.

Bokosilo ndinalisiya pansi pa bedi ku Nayuchi. Ndinkayesa ndalisiya kwathu. Ndinaiwala kuti mkamwini ndi mlendo.

Pempho langa ndi limeneli. Chonde mupite ndi amalume mukalitenge bambo winayo asanalowe m'nyumbamo. Kwa munthu wosadziwa, zimenezija ndi zidutswa za lata chabe, akhoza kutsekera bowo la khola la nkhuku. Zina zonse muzisiye. Njinga, mbuzi ndi malata a nyumba zikhale za mwana wanga Ilham ndi amayi ake. Ndikukudziwani mtima wanu, choncho musakakangane ndi apongozi. Anandidyetsa zaka zambiri, ndipo sanandilakwire.

Pa ulendo womwewo munyamule katoni ndi pensulo. Pochoka ndinalemba phazi la Ilham pa katoni, ndipo ndakhala ndikuisunga m'chikwama cha pasipoti. Mwezi watha ndinadulirapo nkhwayira zofiira zoti avale pa Idi. Chidendene ndinachizunguliza mosamala kuti chisamulume. Mnzanga Elliam, amene timasoka limodzi, anazinyamula n'kufunsa kuti mwanayo ali kalasi yanji. Nditamuuza kuti ali sitandade 3 anati phazi lake silingalowe ngakhale theka. Ndinali ndikusokera mwana amene ndinamusiya uja. Amene alipo lero sindidziwa phazi lake.

Mumuimike pa katonipo, asakhale pansi, chifukwa phazi limatambasuka munthu akaima. Pensulo muigwire choongoka, muzungulize mapazi onse awiri, osaiwala pokhota pa chala chachikulu. Musadule ndi lumo, mungopinda n'kupatsa a Jimu pobwerera. Bokosi lokha likhale kwa inu, mulipake mafuta pang'ono kuti dzimbiri lisadye.

Ilham akafunsa za ine, mumuuze kuti nkhwayira zikubwera. Akafunsa kuti nanga abambo abwera liti, musatchule mwezi. Ndamulonjeza zambiri zosachitika.

Mundiperekere moni kwa alamu anga a Abdulrahim, kwa azakhali a Chande, ndi kwa ana anu onse. Amalume muwathokoze, anasenza uthenga wolemera. A Ayisha nawonso muwapatse moni, muwauze kuti ndilibe nawo mangawa. Pa swala muzindikumbukira.

Ndatha ine mlongo wanu,
Twalibu Hamisi