Waya wa Alamu Panjira ya Kumtsinje

Lachinayi, Okutobala. Tsiku loipa.

M'mawa ndinakwera phiri kukadula nsungwi zolukira mono. Akazi anga anati, "Bambo, ndi mawondo amenewo?" Potsikira kumtsinje, galu wanga Tilipo anakodwa pa waya wotchera nguluwe. Mtengo wa msamphawo unamufwamphulira m'mwamba, msana n'kuthyoka. Pommasula anandiluma dzanja mpaka pafupa. Ndinammaliza ndekha ndi chikwanje, akundiyang'ana.

Mfundo ya wayayo ndikuidziwa. Amamanga choncho ndi alamu anga a Juma okha, ndinawaphunzitsa ndine. Madzulo ano anabwera kudzandizonda, ati, "Pepani alamu, chakulumani n'chiyani?" Waya uja ndinali nditamubisa pansi pa mkeka womwe anakhalirawo.

Mawa akamakwera kukayendera misampha yawo, akandipeza panjira, ndipo dzanja latsalali likuthabe kugwira chikwanje...