Keke ya Ukwati wa Mwana Wathu

Lolemba, 4 Malichi

Masabata atatu chiwagwireni sitiroko bambo a ana. Dzanja lamanja lende. Pakamwa popotoka, mawu osatuluka. Ukwati wa mwana wathu wachisamba ndi Loweruka likubwerali. Keke yosanja katatu, anamulonjeza okha. Zaka makumi awiri tikugwira limodzi ntchitoyi, ine kuphika, iwo kukuta keke ndi fondanti, shuga wokanda uja woyala pamwamba ngati nsalu. Ine osaikhudza n'komwe. Ankati, "Manja akowo ndi simbi yositira, ungandisungunulire katundu."

Lachiwiri, 5 Malichi

Kushopu. Fondanti mitundu iwiri, ya m'kandowa ndi ya m'mapepala. Kuima ngati chitsa, osadziwa yotenga. Wogulitsa akuti, "Abwana amatenga ya m'kandowa, imapirira kutentha. Lero akutumani?" Ndangovomera ndi mutu. Misozi yandipeza panja, pafupi ndi tingolo tokankhira katundu.

Lachitatu, 6 Malichi

Makeke onse atatu aphikika bwino, ndapaka kilimu. Fondanti ndiye ayi. Kuuma, kumamatira patebulo, kung'ambika m'mbali. Kanayi konse. Iwo pampando wawo wamatayala pakhomo la khitchini, maso pa ine, akungoti mmm, mmm. Ndawakalipira. Ndati ngati muli ndi mawu nenani zomveka.

Atembenukira kukhoma. Chakudya chamasana akana.

Mulungu andikhululukire kamwa ili.

Lachinayi, 7 Malichi

Mwana wabwera m'mawa, waona chipwirikiti patebulo. "Amayi, tingogula kwina, musadziphe." Sanadziwe kuti bambo ake akumva. Msozi diso limodzi, kutsika mpaka pakolala. Ndawapukuta, sitinayang'anane.

Mwana atachoka, bambo ake ayamba kumenya mpando ndi dzanja lamanzere, kuloza pashelefu. Ndatsitsa shuga, akana. Ufa, akana. Chitini cha mafuta oyera ophikira, agwedeza mutu kuvomera. Kupaka pang'ono m'manja ndi patebulo, kukanda fondanti mpaka ifewe ngati khutu. Yayalika bwinobwino, osang'ambika.

Kani dzulo ankanena zimenezi.

Lachisanu, 8 Malichi

Keke zonse zitatu zakutidwa. Msana ngati wathyoka. Yapakatiyo ili ndi khwinya kumbuyo, ndabisa ndi maluwa a shuga. Ndawakankhira pafupi kuti aone. Ayendetsa chikhatho pang'onopang'ono kuzungulira keke, chaima pamaluwa pomwepo. Andiyang'ana cham'mbali. Kaphokoso kukhosi, ndikuganiza kuti kunali kuseka. Koyamba chidwalireni.

Suti yawo ndasita. Yawakulira.

Lolemba, 11 Malichi

Kuukwati sanapite. Ndinawaveka mpaka taye, pakhomo anagwira chitseko n'kukana. Malovu amangotsika pakamwa, safuna anthu awaone. Anatsala ndi achemwali awo. Mwana analowa m'tchalitchi atagwira mkono wa amalume ake, maso ali kukhomo.

Keke anthu anaiyamikira. Alamu akuti, "Dzanja la achimwene silisowa, ngakhale akudwala." Sindinawatsutse.

Ndinawabweretsera chidutswa. Kumeza kukuvutabe, anangolawa kilimu.

Lachinayi, 14 Malichi

Adokotala akuti mwendo mwina, dzanja tisayembekezere. Anawauza pamaso pawo.

Masana foni, mayi wina akufuna keke ya ubatizo, yoyera, yokuta. Ndavomera ndisanaganize.

Mpini wawo wopapatizira fondanti umakhala pamsomali wapamwamba, ine mpaka kukwera pampando. Lero ndakhoma msomali wina m'munsi, pomwe ndimafikira, ndaupachika pamenepo. Amandiona nthawi yonseyi. Ndinadikira kuti amenye mpando, aloze, akane.

Sanaloze kanthu.