Mudzamutenge Khethiwe

Doornfontein, Joni
Ogasiti 2003

Achimwene Mzwakhe,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino pamodzi ndi alamu ndi ana onse. Bondo lija likukulolani kupita ndi ng'ombe kudibi? Ine kuno ndilipo, kungoti chifuwa cha nyengo yozizira chandikakamira. Nsapato munaitanitsa zija ndinapatsira mwana wa a Buthelezi. Ngati zathina musandinamize, ndimakudziwani, mutha kumatsimphina chaka chonse osadandaula.

Nkhani yaikulu ndi iyi: nyumba ija tinkasonkhanamo yagulitsidwa, ndipo aigwetsa kumapeto kwa mwezi wamawa. Akuti pakhale poimika magalimoto. Inu mumaidziwa ngati sukulu ya dansi, chifukwa ndi mmene ndinkalembera amayi, ndipo chikwangwani chake chinkateronso. Koma dansi anaphunzira ndani mmenemo? A Fanyana, telala amene anayambitsa zonsezi, mpaka lero amaponda anthu zala.

Munali m'chipinda cha pamwamba pa sitolo ya nsalu, mmene a Fanyana ankasokera. Inali nthawi ya mapasi, pamene munthu wakuda sankayenda wopanda chiphaso, ine ndili mtsikana wogwira ntchito m'khitchini ya azungu. Tinkakumana Lachinayi masana, tsiku limene ife a m'makhitchini tinkapuma. Kunkabwera amuna okondana okhaokha ndi akazi okondana okhaokha, ndipo mu Joni monse ndinalibe kwina koti ndikhale pansi ndi kuseka momasuka. Lamulo linali limodzi: pokwera masitepe, mwamuna agwire mkono wa mkazi, kuti a mumsewu aone anthu wamba opita kudansi. Tikafika pamwamba, aliyense ankapita kwa wake.

Khethiwe wanga ntchito yake inali pawindo. Akaona galimoto ya apolisi ankagwetsa thireyi yachitsulo, ndipo mwamuna aliyense ankambwandira mkazi amene ali pafupi. Tsiku lina wapolisi anatipeza tikuzungulira mwaulemu choncho, mpaka anatiyamikira kuti achinyamata onse akanamatengera ife. Atangotsika, a Fanyana anagwa pa mulu wa nsalu ndi phwete.

Tsiku langa loyamba, Khethiwe anandigwetsera thireyi ineyo, anthu n'kusinthana mwaphuma. Nditamufunsa pambuyo pake, anati, "Iwe, nkhope yakoyo inali ya kazitape. Munthu amabwera kudansi atanyamula Baibulo?" Linalidi m'manja, ndinkaopa kuti ndikalisiya kunyumba ndipsa. Kuyambira tsiku limenelo sitinasiyane, ndipo imvi zatimerera tili limodzi.

Matenda aja atabwera, dansi inachepa, maliro anachuluka. Ambiri abale awo ankawakana, ndiye tinkawasambitsa ndi kuwaika tokha. A Fanyana anasoka nsalu za maliro mpaka maso anawonongeka. Lero malamulo anasintha, achinyamata ali ndi malo awo ndipo amaguba mumsewu masana ndi mbendera. Ine ndimakondwera nawo, ngakhale nyimbo zawo zimandipweteka mutu. Ife okalamba tinatsala ochepa, timangomwa tiyi Lachinayi ndi kujeda anthu amene anamwalira kalekale.

Munamva kuti Khethiwe anatisiya mu Meyi, ndipo mbuzi munatumiza uthenga kuti mwandisungira ija ndathokoza. Chimene sindinakuuzeni ndi malo amene anafera. Anagwa pa masitepe omwewo, akukwera ndi masikono, mtima unangoima. Ndinaimbira kwawo ku Msinga. Amalume ake anandiyankha kuti iwo mwana ameneyo anamulira kalekale, tsiku limene anachoka, ndipo sangalire kawiri. Tinamuika konkuno.

Thupi tinaika, achimwene, koma palibe anabwera ndi nthambi kudzatenga mzimu wake. Inu mukudziwa bwino kuposa ine kuti munthu akafera kutali amatsala pamene anagwerapo, mpaka wina wapakhomo abwere ndi kankhande, amuitane ndi dzina, apite naye kumudzi. Lachinayi lililonse ndikamakwera ndimalambalala sitepe imeneyo ndi kumupatsa moni. Tsopano akagwetsa nyumbayo adzakhala kuti? Pakati pa magalimoto a anthu osamudziwa? Zimenezi zikundisowetsa tulo, ndipo ndikulira pamene ndikulemba.

Anzanga anayesa kuthandiza. Wina anathyola nthambi ya jakaranda, ati mtengo ndi mtengo. Ndinamukalipira kwambiri mpaka ndinakapepesa mawa lake. A Fanyana anati anyamula okha, koma nditawakumbutsa kuti wonyamula nthambi salankhula ndi munthu aliyense m'njira, anakweza manja. "Mwana wanga, ine kukhala chete kuyambira Joni mpaka kwanu ku Nquthu? Mudzafunika nthambi ziwiri, ina yotengera ine!" Tinaseka, koma kenako anandiyang'ana n'kunena kuti ngakhale akanatha, iwo alibe khomo loti akamulowetsepo. Malo okhawo amene tinkawatcha kwathu ndi omwe akugwetsedwawa.

Ndiye pempho langa ndi ili. Dulani nthambi pa kankhande uja ali kuseri kwa khola, mubwere nayo mwezi wamawa usanathe, mudzamutenge Khethiwe mupite naye kwathu. Ndikudziwa kuti si wa magazi athu, ndipo palibe ng'ombe inaperekedwa chifukwa cha iye. Ndikudziwanso kuti amalume a Bhekisisa adzalankhula, ndipo a kutchalitchi adzalankhula kuposa pamenepo. Mukakana sindidzakudani, pakhomopo mumakhala ndinu.

Koma kumbukirani maliro a amayi. Khethiwe anatunga madzi ndi kusonkha moto sabata yonse osauzidwa ndi munthu. Pogawa nyama, anthu ankayembekeza kuti mumuika ndi alendo. Inu munatenga mbale yake n'kukaiika pamene pankadyera akazi okwatiwa pakhomo pathu, n'kubwerera kukhola osayang'ana munthu. Simunanene kanthu tsiku limenelo, ndipo simunanenepo mpaka lero. Iye sanaiwale. Nthawi zonse tikakangana ankati, "Usandiopseze iwe, ine ndinadya mbale ya kwa Mzwakhe."

Mundiperekere moni kwa alamu, muwauze kuti mafuta a bondo lanu ndawapeza. Moni kwa azakhali a MaZungu, kwa Lindokuhle ndi mkazi wake, ndi kwa kamdzukulu kaja sindinakaonebe. Amalume muwapatsenso moni, ngakhale adzandinena.

Mukavomera, mu minibasi tidzatenga mipando itatu, wapakati ndi wa Khethiwe. Ntchitoyi ikukuyenerani, achimwene, chifukwa mwambo womwewo ukukuletsani kuyankha aliyense, ngakhale ineyo. Mudzangomuuza iye yekha mitsinje tikamawoloka, kuti asasochere. Ndipo tikafika pachipata, mudzanene mawu amene wakhala akuwadikira chichokere ku Msinga: Khethiwe, tafika kunyumba, lowani.

Ndine mlongo wanu wokukondani,
Sizakele